Nyimbo za classical zimene tsankho linazikwirira: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa ndi amene okonda nyimbo, aphunzitsi ndi atsogoleri a makwaya amafunsa kawirikawiri akangomva za opeka nyimbo akuda ndi Achiyuda amene ntchito zawo zinaletsedwa, zinatayika, kapena zinangosiyidwa m'makabati kwa zaka zambiri.

Kodi nyimbo "yoletsedwa" ndi nyimbo "yoiwalidwa" n'chimodzimodzi?

Ayi. Yoletsedwa ndi imene boma linalamula kuti isaimbidwe, monga zinachitikira ku Germany kuyambira 1933 mpaka 1945. Yoiwalidwa palibe amene anaiikira lamulo. Imaimbidwa kamodzi, anthu n'kuombera m'manja, kenaka osindikiza osaitenga, otsogolera orchestra osaiitanitsanso, aphunzitsi osaitchula m'kalasi. Zambiri za opeka akuda a ku America zinafa imfa yachiwiriyi, ndipo ndi yovuta kuiloza chala chifukwa palibe chikalata chosainidwa chimene mungaonetse munthu.

Kuti mumvetse zonse ziwiri, kumbukirani kuti symphony si nyimbo yoti munthu angaimve pa wailesi n'kuyamba kuiimba. Imafuna anthu 70 kapena 90, aliyense ali ndi pepala lake la manotsi. Kuchokera pa tebulo la wopeka mpaka m'makutu mwanu pali masitepe angapo: buku lalikulu lokhala ndi mizere ya zida zonse, timabuku ta woimba aliyense, kampani yosindikiza yosunga ndi kubwereketsa timabukuto, wotsogolera wovomera kuiphunzira, chimbale, ndi sukulu zoiphunzitsa. Sitepe imodzi ikasowa, nyimbo imakhala chete ngakhale mapepala ake ali bwinobwino. Tsankho silinkafunika kuwotcha kanthu. Linkangotseka khomo limodzi.

Koma nyimbo yabwino siimadziwika yokha? Ngati inaiwalika, si ndiye kuti inali yosakoma?

Taonani za William Dawson, wopeka wakuda wa ku America. Mu November 1934, Leopold Stokowski ndi Philadelphia Orchestra anaimba Negro Folk Symphony yake ku Philadelphia ndi ku Carnegie Hall ku New York, ndipo inaulutsidwa pa wailesi. Omvera anaombera m'manja gawo lachiwiri litangotha, zomwe si mwambo m'maholo otere. Manyuzipepala anaiyamikira. Ndiyeno patangopita nthawi yochepa, zii. Chimbale chake choyamba chinadzajambulidwa mu 1963, ndipo wojambulitsa anali Stokowski yemweyo. Dawson anakhala ndi moyo mpaka 1990 koma sanalembenso symphony ina. Mphamvu zake zinapita ku kwaya ya sukulu ya akuda ya Tuskegee ndi kukonza nyimbo zauzimu za akapolo kuti ziimbidwe ndi makwaya. Kumeneko ndi kumene dziko linkalola munthu wakuda kuti awale.

Ngakhale nyimbo za akatswiri odziwika zimafuna wozinyamula. St Matthew Passion ya Bach inakhala zaka zambiri osamveka mpaka Felix Mendelssohn, ali ndi zaka 20, anaiimbitsa ku Berlin mu 1829. Patapita zaka zoposa 100, Mendelssohn mwini wakeyo anafufutidwa pa ndandanda ya nyimbo zololedwa m'dziko lomwelo chifukwa anabadwira m'banja Lachiyuda.

Boma la Nazi linkaletsa bwanji nyimbo?

Maganizowo anali akale. Mu 1850 Richard Wagner analemba nkhani yonyoza Ayuda pa zoimbaimba, akudzibisa ndi dzina lina, ndipo mu 1869 anaitulutsanso ndi dzina lake lenileni. Mendelssohn ndi Giacomo Meyerbeer ndiwo anali kulasidwa. Chimene a Nazi anawonjezera ndi maofesi ndi mafomu.

Lamulo la pa 7 April 1933 linachotsa Ayuda pa ntchito za boma, ndipo ku Germany nyumba zambiri za opera ndi masukulu a nyimbo zinali m'manja mwa boma kapena makhonsolo a mizinda. Kumapeto kwa chaka chomwecho kunakhazikitsidwa Reichsmusikkammer, bungwe limene aliyense wodya za nyimbo ankayenera kukhala membala wake. Wokanidwa umembala sakanatha kuimba, kuphunzitsa kapena kusindikiza. Mu November 1936 chipilala cha Mendelssohn chimene chinali kutsogolo kwa holo ya Gewandhaus ku Leipzig chinazulidwa usiku. Mu May 1938 ku Düsseldorf kunali chionetsero chotchedwa Entartete Musik, kutanthauza nyimbo zowola. Chithunzi choitanira anthu chinali chonyoza munthu wakuda akuimba saxophone atavala nyenyezi ya Davide pachifuwa, kuphatikiza udani wa Ayuda ndi udani wa jazz pa pepala limodzi. Mu 1940 kunatuluka buku la mayina a Ayuda onse a zoimbaimba, kuti wokonza pulogalamu ayang'anemo asanalakwitse.

Osindikiza nawo analandidwa. Kampani ya Peters ya ku Leipzig inachotsedwa m'manja mwa mwini wake Henri Hinrichsen, amene anaphedwa ku Auschwitz mu 1942. Ndipo poti anthu anali atazolowera nyimbo za Mendelssohn pa sewero la A Midsummer Night's Dream, panafunika zina zolowa m'malo. Carl Orff anavomera ntchitoyo, yake inaimbidwa ku Frankfurt mu 1939.

Ndamva kuti ena ankapeka nyimbo ali m'ndende. N'zoona?

N'zoona, makamaka ku Terezín, tauni ya mpanda ya kumpoto kwa Prague imene a Nazi anaisandutsa malo osonkhanitsira Ayuda asanawatumize kokaphedwa. Kumeneko kunali Viktor Ullmann, Pavel Haas, Hans Krása ndi Gideon Klein. Opera ya ana ya Krása yotchedwa Brundibár inaimbidwa ka 55 mumsasamo. Alonda ankalola zimenezi chifukwa zinkawathandiza kunamiza dziko: anazionetsa kwa nthumwi za Red Cross mu June 1944, n'kuzijambulanso m'kanema wabodza. Mu October 1944 Ullmann, Haas ndi Krása anakwezedwa sitima yopita ku Auschwitz ndipo anaphedwa atangofika. Klein anamwalira mu January 1945 ali ndi zaka 25 zokha.

Mmene zolemba zawo zinapulumukira ndi phunziro pa ntchito yonseyi. Ullmann anasiya mapepala ake kwa mnzake mumsasa, ndipo nkhondo itatha anakafika ku London m'manja mwa wolemba H. G. Adler. Opera yake, Der Kaiser von Atlantis, imene anaipekera oimba asanu ndi awiri ndi kagulu ka zida zimene zinkapezeka mumsasamo, kuphatikizapo banjo ndi saxophone, inayesereredwa ku Terezín koma sinaonetsedwe. Inadzamveka koyamba ku Amsterdam mu 1975. Study for Strings ya Haas buku lake lalikulu linatayika. Karel Ančerl, amene anaitsogolera mumsasa ndipo anapulumuka, anapeza timabuku ta oimba, ndipo nyimbo yonse inamangidwanso kuchokera m'timabukuto.

Nkhondo itatha mu 1945, bwanji nyimbo zimenezi sizinangobwerera?

Chifukwa ozinyamula kunalibe. Opeka ambiri anali atafa kapena atabalalikira ku London, New York ndi Los Angeles. Omvera awo okhulupirika anali ataphedwa. Ambiri mwa oyendetsa maholo ndi masukulu anali omwe aja a nthawi ya Hitler, ndipo sankafuna kukumbutsidwa.

Panalinso za kusintha kwa kakomedwe. Achinyamata amene ankakumana pa maphunziro a nyimbo a ku Darmstadt ku Germany kuyambira 1946 ankafuna nyimbo zatsopano kotheratu, zopanda fungo la dziko lakale. Franz Schreker, amene ma opera ake ankadzaza maholo a Germany cha m'ma 1920 asanachotsedwe pa utsogoleri wa sukulu ya nyimbo ya Berlin mu 1932, tsopano ankaoneka wachikale. Erich Korngold anapulumuka popeka nyimbo za makanema ku Hollywood, ndipo zomwezo zinamuchititsa kunyozedwa pamene concerto yake ya vayolini inaimbidwa ndi Jascha Heifetz mu 1947. Berthold Goldschmidt anathawira ku England mu 1935. Opera yake Beatrice Cenci inapambana mpikisano wa Festival of Britain wa 1951 koma sinaonetsedwe, ndipo iye anangosiya kupeka kwa zaka zoposa 20. Anthuwa anakanidwa kawiri: poyamba chifukwa cha mtundu wawo, kachiwiri chifukwa nthawi imene anabedwa ija inawasiya m'mbuyo. Zinthu zinayamba kusintha m'ma 1990 pamene kampani ya Decca inatulutsa zimbale zambiri pansi pa dzina lomwe lija la Entartete Musik.

Ku America kunalibe lamulo loletsa opeka akuda. Nanga tsankho linkagwira ntchito bwanji?

Linkagwira pa makomo ang'onoang'ono ambiri. Florence Price, wobadwira ku Little Rock mu 1887, polembetsa ku New England Conservatory ku Boston analemba kuti kwawo ndi ku Mexico kuti apewe mavuto. Atabwerera ku Arkansas, bungwe la aphunzitsi a nyimbo linamukana umembala. Mu 1927, munthu wakuda ataphedwa ndi gulu la azungu mumzindawo, banja lake linasamukira ku Chicago. Mu 1932 anapambana mphoto ya Wanamaker ya madola 500 ndi symphony yake yoyamba, ndipo pa 15 June 1933 Chicago Symphony Orchestra motsogozedwa ndi Frederick Stock inaiimba. Kanali koyamba orchestra yaikulu ya ku America kuimba symphony ya mayi wakuda. Mu 1943 analembera Serge Koussevitzky wa Boston Symphony, akunena mosabisa kuti ali ndi zopinga ziwiri, kukhala mkazi ndi kukhala wakuda, ndipo anangopempha kuti ntchito yake iweruzidwe payokha. Koussevitzky sanaimbitsepo nyimbo yake. Symphony ya 1933 ija inadzasindikizidwa mu 2008, zaka 75 chiimbidwire.

Mabungwe a oimba analinso ogawanika. Ku Chicago azungu anali ndi Local 10, akuda Local 208, ndipo anagwirizana mu 1966. Ntchito za orchestra zinkadutsa ku nthambi ya azungu. Wopeka amene alibe mnzake m'gulu la oimba samva konse zimene walemba, ndipo kusamva ndiko kumamuphera luso, chifukwa kulembera orchestra kumaphunziridwa pomva zolakwa zako zikuimbidwa. Dean Dixon, wotsogolera waluso, anasamukira ku Ulaya mu 1949 poona kuti kwawo sadzapatsidwa orchestra yakeyake. Troubled Island ya William Grant Still inaonetsedwa katatu ndi New York City Opera mu 1949, basi. Metropolitan Opera, imene inatsegulidwa mu 1883, inadzaonetsa opera ya wopeka wakuda koyamba mu September 2021, ya Terence Blanchard.

Nkhani yoti manotsi a Florence Price anapezeka m'nyumba yosiyidwa ndi yoona?

Inde. Mu 2009 anthu amene ankafuna kukonza nyumba yogumuka pafupi ndi St. Anne ku Illinois anapeza milu ya mapepala okhala ndi dzina lake. Inali nyumba imene Price ankakapumulirako. Munali ma concerto awiri a vayolini ndi symphony yachinayi, imene inadzaimbidwa koyamba mu 2018 ndi Fort Smith Symphony. Mapepalawo ali ku University of Arkansas. Chaka cha 2018 chomwecho kampani ya G. Schirmer inatenga umwini wa nyimbo zake, ndipo mu 2022 chimbale cha Philadelphia Orchestra motsogozedwa ndi Yannick Nézet-Séguin chinapambana Grammy.

Koma tisamangokokomeza za nyumbayo ngati kuti Price anali atasowa kotheratu. Aphunzitsi ndi oimba akuda sanasiye kuimba nyimbo zake, ndipo katswiri Rae Linda Brown anakhala zaka zambiri akufufuza za moyo wake. Pa 9 April 1939, woimba wakuda Marian Anderson atakanizidwa holo ya Constitution Hall ku Washington, anaimbira anthu pafupifupi 75,000 pa Lincoln Memorial, ndipo anatsekera ndi nyimbo yauzimu yokonzedwa ndi Price. Amene anaiwala ndi maholo akuluakulu.

Samuel Coleridge-Taylor anali wotchuka kwambiri ku England. Anafa bwanji wosauka?

Anabadwa ku London mu 1875, bambo ake a ku Sierra Leone, mayi ake Mngelezi. Hiawatha's Wedding Feast ya 1898 inakondedwa ndi makwaya moti mabuku ake anagulidwa miyandamiyanda. Koma iye anali atagulitsa umwini wonse kwa kampani yosindikiza ya Novello pa mtengo wa mapaundi 15 ndi masheleni 15, kamodzi n'kamodzi. Ankakhalira kuphunzitsa, kutsogolera ndi kuweruza mipikisano, mpaka anagwa pa siteshoni ya West Croydon ndi kumwalira ndi chibayo mu 1912 ali ndi zaka 37. Kunena chilungamo, kugulitsa kotereku kunali kofala kwa wopeka wachinyamata aliyense, mzungu kapena wakuda. Nkhani ya banja lake inathandiza kukankha kuti Performing Right Society, bungwe lotolerera opeka ndalama nyimbo zawo zikaimbidwa, likhazikitsidwe mu 1914.

Pamene tsankho likuoneka bwino ndi pa zimene zinasankhidwa kukumbukiridwa. Hiawatha inaonetsedwa chaka ndi chaka ku Royal Albert Hall mpaka 1939, koma quintet yake ya clarinet, concerto ya vayolini ndi zina zolemera zinasiyidwa. Opera yake Thelma inapezeka ku British Library n'kuonetsedwa koyamba mu 2012. Mu Twenty-Four Negro Melodies za piyano za 1905 muli nyimbo za Aronga a kummwera kwa Mozambique, zimene anazitenga m'zolemba za mmishonale Henri Junod.

Kodi wopeka wakuda aliyense woiwalika tinene kuti ndi tsankho?

Ayi, ndipo kusakaniza kumafooketsa nkhani zoona. George Bridgetower, woimba vayolini wakuda, ndiye anaimba koyamba ndi Beethoven sonata yake yotchuka ya vayolini, imene lero imatchedwa Kreutzer, ku Vienna mu May 1803. Awiriwa anakangana, Beethoven n'kuipereka kwa Rodolphe Kreutzer amene sanaiimbepo. Uko kunali kupsa mtima kwa Beethoven. Joseph Bologne, Chevalier de Saint-Georges, wobadwira ku Guadeloupe mu 1745 kwa mayi kapolo, ali ndi zonse ziwiri. Mu 1776 dzina lake litaperekedwa kuti atsogolere Opéra ya Paris, azimayi atatu otchuka a m'nyumbayo analembera Mfumukazi Marie Antoinette kuti sangalandire malamulo kwa munthu wa khungu lake. Apo palibe chokayikitsa. Koma kuiwalika kwa nyimbo zake atamwalira mu 1799 kunagweranso anzake azungu a ku Paris a m'badwo womwewo, monga Gossec.

Chinanso: musamutchule kuti Mozart wakuda. Anali wamkulu kwa Mozart ndi zaka 10, ndipo orchestra imene ankatsogolera ndiyo inaitanitsa ma symphony asanu ndi limodzi a Haydn otchedwa a Paris.

Mapepala akapezeka, pamachitika zotani kuti nyimbo ifike pa siteji?

Apa ndi pamene pamathera ndalama ndi miyezi. Choyamba mapepala amaumitsidwa, amachotsedwa nkhungu ndi zitsulo zomangira zimene zachita dzimbiri, kenaka amajambulidwa tsamba lililonse asanasanjidwe. Kusanja musanajambule n'kulakwa, chifukwa mmene masamba anagonera nthawi zina ndi umboni wokhawo wa dongosolo lake.

Kenaka mkonzi amasonkhanitsa makope onse a nyimbo imodzi: zolemba za pensulo, buku la inki, timabuku ta oimba ngati tilipo, kope la piyano. Kawirikawiri samagwirizana. Buku lalikulu likhoza kunena F pamene kabuku ka clarinet kakunena F sharp, ndipo mwina kabukuko ndiko kolondola chifukwa woimba anakonza pa pulakatisi wopeka ali pompo. Mkonzi amasankha, n'kulemba pamapeto chimene wasankha ndi chifukwa chake, kuti wodzabwera athe kutsutsa.

Nyimbo imalowetsedwa mu kompyuta ndi mapulogalamu monga Sibelius, Dorico kapena MuseScore. Zolakwa zambiri zimabadwira pa zida zimene zimalembedwa mosiyana ndi mmene zimamvekera. Clarinet ya B flat imamveka sitepe imodzi pansi pa cholembedwa. Horn ya F imamveka masitepe anayi pansi. Ngati wopeka analemba buku lake momwe zida zimamvekera koma wotayipa n'kuganiza kuti ndi momwe zimawerengedwera, mzere wonse umasokonekera, ndipo kompyuta siidandaula.

Ndiye pamabwera timabuku. Orchestra yaikulu imakhala ndi mavayolini oyamba 16, achiwiri 14, ma viola 12, ma cello 10 ndi ma bass 8. Amakhala awiriawiri pa choikapo manotsi chimodzi, choncho pamafunika makope 8, 7, 6, 5 ndi 4, onse pamodzi 30. Oimba zitoliro, malipenga ndi ng'oma aliyense amafuna kake, tina 25 kapena 30. Kabuku kalikonse kayenera kukhala ndi manambala a mabala (timagawo tating'ono ta nyimbo) ofanana ndi a wotsogolera, timanotsi tating'ono tosonyeza chida china chikuimba chiyani kuti wopuma mabala 60 adziwe polowera, ndi potembenuzira tsamba poti dzanja lili ndi mpata. Mtsogoleri wa gulu lililonse la zingwe amalembamo kayendedwe ka uta, wosunga laibulale n'kukopera m'makope onse ndi pensulo.

Nanga bwanji nthawi zina nyimbo "yopezedwanso" imamveka yofooka pa konsati?

Kawirikawiri vuto si nyimboyo. Orchestra imakhala ndi mapulakatisi atatu kapena anayi a maola awiri ndi theka pa konsati imodzi. Symphony ya Brahms oimba anaiimba kambirimbiri, timabuku take tinakonzedwa kwa zaka zoposa 100. Yachilendoyo imabwera ndi zolakwa zosagwidwa, ndipo mphindi 20 zimathera pa kufunsana ngati bala 143 ili ndi B kapena B flat. Nthawi yokonza mamvekedwe imatha. Omvera amamva Brahms wosalala pambali pa Dawson wopunthwapunthwa, n'kutuluka atatsimikiza zimene ankaganiza kale.

Vuto lina ndi kaimbidwe. Gawo lachitatu la symphony yoyamba ya Price ndi Juba, gule wa akapolo wa kuomba m'manja, m'ntchafu ndi kuponda pansi. Oimba amene sanamvepo guleyo amalithamangitsa kapena kuliwongola ngati nyimbo ya asilikali, kukoma konse n'kuthawa. Palinso chizolowezi chosankha kanyimbo ka mphindi zisanu kotsegulira konsati, kapena kuimba opeka akuda mu February mokha ku America ndi mu October mokha ku Britain, miyezi yokumbukira mbiri ya anthu akuda. Muyeso weniweni si kuimba koyamba. Ndi kuimba kwachitatu ndi kwachinayi, ndi orchestra yomweyo, m'mwezi wamba. Magulu monga Chineke!, limene Chi-chi Nwanoku analiyambitsa ku Britain mu 2015, ndi Sphinx ya ku Detroit athandiza kwambiri pa mbali yobwereza imeneyi.

Ngati mbali ina inatayika, tikumva nyimbo ya ndani?

Funso labwino, ndipo pulogalamu yoona mtima iyenera kuyankha. Scott Joplin, wopeka wakuda wa ku America, anasindikiza yekha opera yake Treemonisha mu 1911 ngati buku la mawu ndi piyano, atasowa womuthandiza. Anamwalira mu 1917 osaiona pa siteji, ndipo zimene analembera orchestra zinatayika. Imene inaonetsedwa ku Atlanta mu 1972 zida zake anazilemba T. J. Anderson, ya ku Houston mu 1975, Gunther Schuller. Pambuyo pake Rick Benjamin anailembera kagulu kakang'ono kofanana ndi ka m'nyumba za zisudzo za nthawi ya Joplin. Mizere ya nyimbo ndi ya Joplin, mtundu wa mawu a zida ndi wa okonzawo, ndipo zimbale zake zimamveka mosiyana kwambiri. Pogula, werengani dzina la wokonza.

Nkhaniyi ikukhudza Africa?

Kwambiri, ndipo mwa njira imene aliyense woimba kwaya angaizindikire. Ku South Africa masukulu a mishoni ankaphunzitsa ana akuda solofa, pomwe ana a azungu ankaphunzira manotsi a pa mizere isanu ndi zida. Solofa ndi yabwino pa makwaya, n'chifukwa chake ikugwirabe ntchito m'mipingo ya ku Malawi ndi Zambia. Koma orchestra siwerenga solofa, ndipo mayunivesite ankaona zolembedwa mu solofa ngati si nyimbo zopekedwa mwaluso. Michael Moerane, malume ake a Thabo Mbeki, anaswa mpandawo mu 1941 pokhala wakuda woyamba kupeza digiri ya nyimbo m'dzikomo, ndi nyimbo ya orchestra yotchedwa Fatše la Heso. Zina zonse zimene anapeka, pafupifupi, ndi za kwaya. Christine Lucia ndiye wasonkhanitsa ndi kusindikiza ntchito za Moerane ndi za Joshua Mohapeloa wa ku Lesotho m'manotsi a mizere. Enoch Sontonga, amene nyimbo yake ya 1897 ndiyo maziko a nyimbo za fuko za Zambia, Tanzania ndi South Africa, kope limene ankalembamo nyimbo zake linatayika atamwalira, ndipo manda ake ku Braamfontein anadzazindikirika m'ma 1990.

Ngati muli ndi makope akale a solofa a kwaya yanu, ajambuleni lero, musadikire chiswe. Posamutsira ku manotsi a mizere samalani zinthu zinayi. Kiyi yolembedwa pamwamba, monga Doh is F, nthawi zambiri imadulidwa ndi makina a fotokope. Timanambala tating'ono tosonyeza mawu apamwamba kapena apansi timafufutika, ndipo s wapansi amasanduka s wapamwamba. Tena ndi besi mu solofa amalembedwa okitevu imodzi pamwamba pa mmene amamvekera. Ndipo posintha kiyi pakati pa nyimbo pamakhala zilembo ziwiri zogundana, chaching'ono cha kiyi yakale ndi chachikulu cha yatsopano. Wosadziwa amaziwerenga ngati manotsi awiri. Lembaninso dzina la wopeka ndi chaka. Mawu akuti "nyimbo yamakolo" akwirira mayina ambiri a aphunzitsi amene anapeka nyimbo zimene tikuimba.

Kwaya yathu kapena wophunzira piyano angapeze kuti manotsi, ndipo n'zololedwa kukopera?

Zimadalira chaka chimene wopeka anamwalira ndi dziko limene muli. Ku Malawi, Zambia ndi South Africa umwini umatha patapita zaka 50 chimwalirire. Ku Britain ndi mayiko a European Union ndi zaka 70. Coleridge-Taylor ndi Saint-Georges ndi omasuka kulikonse, ndipo zambiri zawo zili pa IMSLP pa intaneti kwaulere. Price anamwalira mu 1953, choncho zaka 70 zinakwana kumapeto kwa 2023. Still anamwalira mu 1978, Moerane mu 1980, Dawson mu 1990, ndiye amenewa akadali otetezedwa ngakhale kuno. America ili ndi malamulo akeake odalira chaka chosindikizira.

Msampha uli pa makope atsopano. Nyimbo ikhoza kukhala yomasuka koma kope lokonzedwa posachedwa lili ndi umwini wa mkonzi kapena wa kampani. Timabuku ta orchestra kawirikawiri sitigulitsidwa, timabwerekedwa pa mgwirizano, ndipo mgwirizanowo umaletsa kukopera ndi kujambula popanda chilolezo china. Pa konsati yolipiritsa ku Malawi funsani a COSOMA musanasindikize matikiti.

Ndiyambire pati kumvetsera?

Yambani ndi gawo lachiwiri la Negro Folk Symphony ya Dawson, lija linaimitsa konsati mu 1934. Chimene mumamva m'zimbale za lero ndi chimene anachikonzanso atayendera West Africa mu 1952 ndi makina ojambulira mawu, choncho tcherani khutu ku ng'oma. Kenaka gawo lachiwiri la symphony yoyamba ya Price, pamene malipenga amaimba ngati kwaya ya tchalitchi akuyankhidwa ndi ng'oma. Kwa okonda kagulu kakang'ono, string quartet yachitatu ya Ullmann, yolembedwa ku Terezín mu 1943, siifika mphindi 20, ndipo trio ya zingwe ya Klein inamalizidwa masiku ochepa asanatengedwe. Woimba piyano wa giredi yapamwamba angayese Deep River mu Twenty-Four Negro Melodies. Imafuna dzanja lotambasuka ndi pedulo yosamala, chifukwa mukaiponda nthawi yaitali mawu apansi amasakanikirana n'kumiza nyimbo ya pamwamba.